Chiseko cha chibade cha mu Scooby-Doo chatisowetsa tulo pakhomo, thandizeni

MakeTada:
Abale ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamkazi wa zaka 6 lero ndi tsiku lachitatu akukana kugona kuchipinda kwake, ndipo chayambitsa ndi katuni. Scooby-Doo yakalekale ija, ya ana anayi ofufuza za mizukwa ndi galu wawo Scooby, gawo lija galimoto ya ana aja inawathera mafuta usiku pafupi ndi famu kenako nkukapezeka ali pa bwalo la ndege losiyidwa, kukutulukira chinthu chovala ngati anthu opita kumwezi koma mkati mwa chipewacho muli chibade, chikamaseka chibadecho chikuyaka mofiira. Ine ndinali kukhitchini ndikuvundula nsima, ndangomva chiseko chija kuchokera pabalaza mpaka nanenso ndinaimitsa kaye mthiko. Ndiye tsoka lake magetsi anazima chinthucho chili mkati moseka, nyumba yonse mdima bii, mwana anakuwa ngati waponda moto. Kuyambira tsikulo akumabwera kudzalowa pakati pa ine ndi bambo ake, dzulo mpaka wanyowetsa bedi, chinthu chomwe anasiya ali ndi zaka zitatu. Bambo ake agamula kuti katuni basi yaletsedwa pakhomo pano. Koma ine ndinakula ndikuonera Scooby yemweyu osaona vuto. Zimenezi ndi za ana zoona? Kapena ndinalakwa ndine kumusiya yekha pa TV?

Phwetekere:
kkkkkk Space Kook ameneyo!! Asisi mwana wanu alibe vuto, ameneyo waopseza mibadwo. Ine ndili ndi ndevu zanga koma chiseko chija ndikachimva mpaka pano thupi limachita tsemwe

Bambo_wa_Ndirande:
Bambo a mwanayo anena zoona, musawatsutse. Ife timangoti katuni katuni osaona kuti mkatimo muli chiyani. Zibade, mizukwa, afiti, manda, sabata iliyonse zomwezo, ndiye mwana wa zaka 6 azigona bwanji? Kwanga ndinachotsa kalekale zimenezo. Zinthu zina mumaziitana nokha m'nyumba kenako muzidabwa mwana akubwebweta usiku.

NamaKatuni:
Funso limodzi kaye asisi. Magetsi atabwera mwanayo anaona mathero ake?

MakeTada:
Ayi ndithu, anabwera cha m'ma 11 usiku iye atagona kale pamiyendo panga uku akusisima. Nanenso kunena zoona sindikukumbuka kuti zinatha bwanji, ndi kale ndinaonera

NamaKatuni:
Ndiye vuto lili pamenepo, katuniyo musaiimbe mlandu. Mwanayo wameza zowawa zokhazokha, mankhwala ake ali kumapeto ndipo magetsi anamulanda. Gawo limenelo dzina lake ndi Spooky Space Kook, ndipo pomaliza chinthu chija chimakodwa m'chinyumba choyeseramo mphepo ya ndege, chimphepo nkuchivula zovala zonse, kupezeka kuti ndi munthu wamba, Henry Bascomb, neba wa mlimi amene anawalandira ana aja ndi mfuti poyamba poganiza kuti ndi atolankhani. Bascomb ameneyu anamva kuti asilikali a ndege akufuna kutsegulanso bwalolo ndipo adzafuna malo ena oonjezera, ndiye anaganiza zoopseza anthu oyandikira kuti athawe, iye agule minda yawo motchipa kenako adzagulitse mokwera. Nkhani ya malo basi ngati zomwe timamva kwa amfumu tsiku ndi tsiku. Chiseko chija chinali chojambulidwa, anachithamangitsa nkumachiulutsa pa masipika a pabwalopo, nchifukwa chake chimamveka mbali zonse osadziwa kuti chikuchokera kuti. Chombo chowala chija chinali filimu ya pa pulojekita. Panthawi ina zimaoneka zambirimbiri zitaima pamzere, zinazo zinali zidole. M'mutu mwa mwana wanu chinthucho chikadali moyo chikuyendayenda pabwalo la ndege chifukwa sanaone chikugwidwa. Muonetseni masana, inu muli pambali pake, mpaka kumapeto.

Bambo_wa_Ndirande:
Ndiye mwana walumidwa ndi galu mankhwala ake ndi kumubwezanso kwa galu yemweyo? Nzeru za kuti zimenezi

Phwetekere:
Achimwene galu wake ndi Scooby, saluma ameneyo, amangodziwa kudya ndi kuthawa kkkk

Sikusinja:
Ine ndili mbali ya a Ndirande pang'ono koma osati pa chifukwa chawocho. Sindikukhulupirira kuti TV imalowetsa ziwanda m'nyumba, koma zaka 6 ndi zochepa pa gawo limenelo. Wanga wa zaka 9 amaseka, wa zaka 5 amabisala kuseri kwa sofa. Ana ang'onoang'ono nkhani ya kugula minda motchipa saimva, chimene amatola ndi nkhope ndi phokoso basi. Mungamufotokozere mpaka m'mawa kuti anali Bascomb, iye akatseka maso akuona chibade chofiira.

Aphunzitsi_a_Sayansi:
Ndiloleni nditalikitse pang'ono, ndi matenda a ntchito yathu. Chomwe chimandiseketsa nchakuti katuni imene a Ndirande akuti ndi yoopsayi inapangidwa dala kuti ikhale yofatsa. Ku America cha m'ma 1968 makolo anadandaula kwambiri kuti makatuni a Loweruka m'mawa achuluka ndewu, ndiye wailesi ya kanema ya CBS inafuna pulogalamu yopanda nkhonya ndi kuphana. Joe Ruby ndi Ken Spears a ku kampani ya Hanna-Barbera ndi amene anaipeka, inayamba kuoneka pa 13 September 1969, ndipo gawo la chibade limeneli linatuluka December chaka chomwecho. Magawo oyambirirawo onse pamodzi alipo 25. Mukaonetsetsa palibe amene amafa, palibe magazi, ana anayi aja samenya munthu, amangothamanga, kutola zizindikiro ndi kutchera msampha umene nthawi zambiri umagwira Scooby yemwe. Anaikamonso kuseka kwa anthu kojambulidwa kuja kuti mwana azimva kuti apa nzoseketsa.

Tsono chifukwa chiyani gawo limeneli limaposa anzake kuopsa? Ine ndimati ndi khutu osati diso. Mzukwa ukamaoneka umadziwa kothawira. Koma apa chiseko chimabwera chinthucho chisanaoneke, ndi chokwera mawu, chothamanga, chobwereza ngati chikugunda makoma, ndipo bwalolo ndi lalikulu lopanda munthu. Mwana atha kutseka maso koma makutu alibe zitseko. Ndiye kwa mwana wa amayiwa chinthu chomaliza chimene anamva mdima usanagwe ndi chimenecho, ndingadabwe akanapanda kuopa.

Koma ngati mphunzitsi ndili ndi dandaulo langa ndi a Velma, mtsikana wa magalasi wa m'gulu la ana aja. Pulojekita imafuna poti kuwala kugunde, khoma, nsalu, kapena mtambo wotsika ndithu. Kuonetsa chombo mumlengalenga mopanda kanthu ndi kapulojekita ka m'nyumba sizingatheke, pamenepo anatinamiza. Za mapazi owala mumdima amene chinthucho chimasiya nzotheka, penti yowala mumdima ilipo, yofanana ndi ija imakhala pa mivi ya mawotchi ena. Ndimagwiritsa ntchito gawo limeneli ku Fomu 2 tikamaphunzira za kuwala, ndimawafunsa kuti pa zimene wafotokoza Velma ndi ziti zingatheke ndi ziti ayi, kalasi imachita kutentha.

Joni_Boy:
Aphunzitsi galu akuyankhula ndi kudya masangweji aatali ngati nsanjika simunadandaule, pulojekita ndiye yakupwetekani mutu?

Aphunzitsi_a_Sayansi:
Galu woyankhula ndinamuvomera polowa. Koma akandiuza kuti tsopano tikufotokozereni mwa sayansi ndiye ndimatulutsa cholembera chofiira.

AntiAkuLeeds:
Inu mukuti munakula ndi Scooby ndinu ana a mabwana eti. TVM, wailesi ya kanema ya kwathu ku Malawi, inayamba 1999, ife tisanafike pamenepo TV tinkangoimva. Dera lathu lonse inalipo nyumba imodzi ya dishi, timakhala pansi ana khumi ndi angapo pakhonde kusuzumira pazenera, mwini nyumba akatopa nafe amangokoka katani. Scooby ndinayamba kumuonera bwinobwino ndili mayi kale kuno. Ndipo chomwe ndinaona nchakuti adzukulu anga kuno saopa nkomwe zimenezi, amati zojambula zake nzachikale, khoma lomwelo likudutsa kasanu anthu akuthamanga. Koma chiseko chija ndiye eee, wamng'onoyo anandiuza kuti gogo chepetsani voliyumu.

Mlonda_wa_usiku:
Ine ndine mlonda zaka zambiri, ndiye za usiku mundifunse. Nkhani ya munthu kuopseza anzake kuti atenge malo musaione ngati ya azungu okha. Kumudzi kwathu kunali dimba la mayi wina wamasiye m'mphepete mwa mtsinje, lachonde kwambiri, nzimbe ndi masamba chaka chonse. Mwamuna wawo atamwalira kunayamba kumveka kulira usiku kudimbako, ngati mwana ngati mbuzi, ena nkumati aona moto ukuyenda pamwamba pa madzi. Anthu anayamba kunena kuti malemu sanagone bwino akukaniza dimba lawo. Mayi aja analeka kupitako, aganyu onse anakana, nzimbe zinangouma. Pasanathe miyezi mlamu wawo anabwera ndi chisoni chonse kuti alamu malo amenewa akuzunzani, ndipatseni ine ndiziyesa kulimba mtima. Anyamata atatu ndife tinakaika, ine ndinali ndi zaka ngati 19. Tinakabisala mu nthochi kuyambira cha m'ma 10, udzudzu kutidya osayerekeza kumenya. Mwezi utakwera tinaona moto uja ukubwera, mtima wanga unali thi thi thi, mnzanga wina anandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa. Utayandikira tinaona kuti ndi chikoloboyi chomangirira ku nsungwi yaitali, ndipo wanyamula ndi mlamu uja atafunda chinsalu chakuda, kulira kuja amaombera m'chibotolo chodula kunsi. Titawalitsa tochi anagwa chagada m'matope iyeyo ndi amene anakuwa kuposa ife. Nkhani inathera kwa amfumu, analipa mbuzi, dimba linabwerera kwa mwini wake. Ndiye ana anga ndimawalola kuonera Scooby, ndimati onani, mukamva mzukwa muzifunsa kaye kuti apindule ndani anthu akathawa.

Phwetekere:
Madala inu ndinu Fred wa kumudzi, mtsogoleri wa gulu la Scooby uja!! Chikoloboyi pa nsungwi kkkkk ndafa ine

Bambo_wa_Ndirande:
Nkhani yanu ndaimva madala ndipo ndi yabwino, koma poti mlamu wina ananamiza anthu sizikutanthauza kuti zonse za usiku ndi anthu ovala nsalu. Zinthu zilipo kunjaku. Vuto langa ndi katuniyi ndi lomwelo, imaphunzitsa mwana kuti kulibe chilichonse, zonse ndi munthu wadyera. Mwana wotere mawa adzakufunsani kuti nanga Satana naye ndi neba wovala chigoba?

NamaKatuni:
Koma achimwene sankhani chimodzi. Poyamba mumati imaitana mizukwa m'nyumba, pano mukuti imaphunzitsa kuti mizukwa kulibe. Zonse ziwiri?

Bambo_wa_Ndirande:
Zonse ziwiri. Usiku imamuopseza, masana imamusandutsa Tomasi.

Nachisale265:
Ine bola mwana wanga akhale Tomasi. Ndine wa ku Phalombe ndipo 2017 ndinali konko nthawi ya mphekesera za anamapopa. Inu amene munali m'tauni munkangomva pa wailesi. Ife tinkagona panja m'magulu, anthu atseka misewu ndi miyala, galimoto iliyonse yachilendo kuimitsidwa, ogwira ntchito zachipatala ndi a mabungwe kuopa kulowa m'midzi, mpaka a UN anachotsa antchito awo ku Mulanje ndi kwathuko. Anthu anaphedwa, anthu enieni a mayina awo ndi abale awo, ndipo mukafunsa kuti ndani waona wopopa magaziyo ndi maso ake aliyense amati wandiuza ndi uje. Panalibe ndi mmodzi yemwe woti tiyeni tione kaye. Ndiye katuni yoti ikuphunzitsa mwana kuti usathawe kaye, tenga tochi, yang'ana mapazi, funsa, ineyo ndilibe nayo mlandu ngakhale itamulotetsa masiku atatu.

Sikusinja:
Asisi apa mwanena zolemera. Pepani kwambiri pa zimene munadutsamo.

Kachiwanda77:
Ndiye gulu la Scooby litabwera kuno nkukumana ndi gule wamkulu lingayese kuvula chigoba? Ndikungofunsa kkkk

Mwana_wa_ku_Dedza:
Aise chotsa zimenezo. Gule si munthu wonamiza anthu kuti abe munda, ndi mwambo wa makolo uli ndi malamulo ake ndi eni ake, mpaka UNESCO inauzindikira mu 2005. Zina sitiseweretsa pagulu.

Kachiwanda77:
Nthabwala chabe akulu

Adimini:
Za gule zithere pomwepo chonde, sitikufuna za ulendo watha uja. Tibwerere kwa mwana wa amayiwa ndi katuni.

ChipataFinest:
Ise kuno ku Chipata tinali kutamba kwa aneba, ndipo ine chibade sichinandiyofye kwambiri. Wanga anali Captain Cutler, uja wovala zolowera pansi pa nyanja, akutuluka m'madzi akuwala mobiriwira osakamba kanthu. Chiseko bola umadziwa kuti chabwera. Uja amangotulukira phee. Sabata yonse ndinakana kusamba usiku

NamaKatuni:
Uyo ndi wa gawo lachiwiri, ndipo kukoma kwake nkwakuti mzukwa wa Captain Cutler anali Captain Cutler mwini wake, ananamizira kufa kuti aziba maboti a anthu olemera. Palinso lina la loboti lotchedwa Charlie pa malo a masewera a ana, limenelo ndiye munalibe munthu mkati, linali loboti lenileni losokonekera mawaya, maso ake akuwala likuyenda osaima. Kwa ine limenelo ndi lachiwiri kwa chibade.

Joni_Boy:
Nonse mukunena kuti mu Scooby mzukwa nthawi zonse ndi munthu ndikuchenjezeni, musaonetse mwana Zombie Island ya 1998 poganiza kuti ndi zomwezija. Ine ndinalakwitsa kuno ku Joni, ndinaikira ana a mlongo wanga nkupita kukagula buledi. Mmenemo akufa aja ndi enieni. Fred amakoka mutu wa chimodzi poganiza kuti ndi chigoba, mutu nkuzuka m'manja mwake. Ndipo azimayi awiri ooneka aulemu aja ndi amene amasanduka zilombo zangati amphaka. Pobwera ndinapeza ana atatu onse ali pa sofa imodzi atafunda bulangete limodzi kunja kuli dzuwa. Mlongo wanga sanandiyankhule masiku awiri.

Bambo_wa_Ndirande:
Mwamva? Ndimanena ine.

NamaKatuni:
Apo a Joni anena zoona ndipo ndivomere. Scooby si mmodzi. Ya 1969 ndi ina, ya 1985 ya mizukwa 13 ija mizukwa yake ndi yeniyeni, Zombie Island ndi filimu yoti ana okulirapo, ndipo Mystery Incorporated imene inayenda kuyambira 2010 mpaka 2013 ija nkhani yake imapitirira gawo ndi gawo nkumaderaderabe, kumapeto kwake ine wamkulu ndinakhala chete. Ndiye kholo lisamangoona galu pachikuto nkuti zonse ndi zimodzi. Koma gawo limene akunena asisiwa ndi la zakale zija, mathero ake ndi oyera.

Gogo_Nabanda:
Ana inu mukuchita ngati mantha ayamba ndi TV. Ife tinkakhala pamoto agogo athu akutiuza nthano za zimphona zomeza mudzi wonse ndi za fisi wodzisandutsa mnyamata wokongola kudzakwatira mtsikana wonyada. Tinkaopa mpaka kukodza tinkadzutsana awiriawiri. Koma kusiyana kwake, wokamba nthanoyo anali pomwepo, akaona kuti kamwana kanjenjemera amafewetsa mawu, amaponyamo nyimbo tonse nkuvomera, ndipo nthano sinkathera pakati, chimphona chimang'ambidwa mimba anthu nkutuluka, kenako mukagone. TV siona nkhope ya mwana. Ndiye mayi a mwana, sindikukudzudzulani, nsima siidikira munthu, koma zoopsa mwana azionera pali mwendo wa munthu wamkulu woti augwire.

MakeTada:
Zikomo agogo, mawu amenewo andilowa. Vuto ndi bambo akewa, akanena kuti chaletsedwa ndiye chaletsedwa

Phwetekere:
Auzeni aonere nawo, mwina amene akuopa ndi iwowo akungonamizira mwana

AntiAkuLeeds:
kkkk mwana iwe ulibe ulemu. Koma mwina ndi zoona, amuna anga malemu ankati makatuni ndi zachibwana koma Tom and Jerry ikayamba nyuzipepala imatsika pang'onopang'ono

Kachiwanda77:
Funso lapambali, Scooby ndi galu wa mtundu wanji? Ndikufuna wotero pakhomo

Aphunzitsi_a_Sayansi:
Great Dane. Koma amene anamujambula, Iwao Takamoto, anafunsa kwa munthu woweta agalu amenewa kuti wabwino amaoneka bwanji, kenako iye nkujambula zosemphana dala, miyendo yamatewe, msana wopindika, chibwano chachikulu. Ndiye weniweni sadzaoneka choncho.

Mlonda_wa_usiku:
Ameneyo kudya kwake mungamuthe achimwene? Pena pomwe ndinkalondera analipo, gaga wa sabata amamaliza masiku awiri, ndipo mabingu akayamba amadzabisala m'kanyumba kanga ka ulonda, ine ndiye ndizimulondera iyeyo

Kachiwanda77:
Ndiye ndi Scooby weniweni ameneyo kkkkk basi ndasintha maganizo

Sikusinja:
Kubwerera ku nkhani, asisi ngati mwaganiza zomuonetsanso ine ndingati musamukakamize ndipo musayambire koyambirira. Mufunseni kaye ngati akufuna kuona mmene anachigwirira. Yambani ndi mphindi zomaliza zija, aone nkhope ya munthuyo ndi apolisi atafika, kenako ngati akufuna mubwerere kumayambiriro akudziwa kale kuti mkatimo muli ndani. Voliyumu pansi. Rimoti ikhale m'manja mwake kuti akafuna aimitse yekha. Akakana musiyeni, mungomufotokozera pakamwa ngati nthano. Ndipo zonyowetsa bedizo musamukalipire kapena kuuza abale ake akumva, zimatha zokha mantha akatha, koma zikapitirira masabata angapo kapena akumva kuwawa pokodza pitani naye kuchipatala, pena zimangokumana ndi matenda ena ife nkumati ndi katuni.

NamaKatuni:
Apa ndagonja, njira ya a Sikusinja yaposa yanga. Kuyambira kumapeto sindinakuganizire.

Bambo_wa_Ndirande:
Ine ndanena zanga. Koma mupemphere naye kaye asanagone, zimenezo musasiye kaya muonetsa kaya simuonetsa.

Nachisale265:
Pamenepo palibe akutsutsani achimwene

Joni_Boy:
Chinanso mungachite, mujambuleni iyeyo akuseka pa foni kenako muthamangitse mawuwo, ma app ambiri amatha. Akamva kuti chiseko chake chomwe chasanduka cha chibade aziona kuti ndi masewera a makina

Aphunzitsi_a_Sayansi:
Imeneyo ndaiba, ndikaichita m'kalasi Lolemba. Mawu ukawathamangitsa amakwera chifukwa kunjenjemera kwake pa sekondi kumachuluka, ndi mmene ankapangira mawu a tinyama tambiri ta m'makatuni akale pa tepi.

MakeTada:
Ndabweranso abale, pepani kuchedwa bandulo inatha. Loweruka masana ndinachita monga ananenera a Sikusinja. Poyamba anakana, anati chizimitseni chisanabwere, ndiye ndinangomuuza ngati nthano kuti kunali bambo wina wadyera amafuna minda ya anzake. Atamva kuti ndi bambo anafunsa kuti ali ndi ana? Ndinati kaya. Patapita kanthawi anabwera yekha kukhitchini kuti amama ndikufuna ndimuone nkhope. Tinakhala pansi rimoti ili kwa iye, anaimitsa kawiri, kachitatu anangobisa nkhope pa chitenje changa diso limodzi lili kunja. Zovala zija zitauluka ndi mphepo anakhala chete kenako akuti, ndi ameneyu basi? Anakhumudwa ngati amubera. Bambo ake nthawi yonseyi anali pakhomo akuti akukonza njinga, koma ine ndimawaona sipanala ili m'manja khosi lili ku TV, mpaka ndi iwo anafunsa kuti nanga chombo chija anapanga bwanji, ndinawawerengera zimene analemba aphunzitsi akuti eya nanenso ndimakaika. Za foni zija tinayesanso, ndiye a Joni mundilipira, chifukwa pano chiseko chija wachiphunzira pakamwa osafunanso foni. Usiku wa Loweruka anagona kwake nyali ili yoyaka, bedi louma. Lamulungu m'bandakucha apongozi anga akutuluka kupita kubafa iye anabisala kuseri kwa chitseko atavala ndowa kumutu ndi tochi mkati nkuseka chija, agogo ake anataya beseni madzi mbwee pakhonde ponse akuitana Yesu. Pano katuni yaletsedwanso, ulendo uno ndi apongozi.

Phwetekere:
NDOWA KUMUTU kkkkkkkk mwana ameneyo ndimufuna pa gulu lino

Mlonda_wa_usiku:
Agogowo ali ndi dimba? Muyambe kufufuza amayi

Bambo_wa_Ndirande:
Apongozi anuwo apatseni moni wanga, auzeni ku Ndirande kuli munthu mmodzi ali mbali yawo.

ChipataFinest:
Nanga ya Captain Cutler mumuonetsa liti, ndifuna nidziwe ngati ni ine neka